Kutsata madzi a ku Lombardy: masiku 8 pa sitima, basi ndi boti

Tsiku loyamba, Lachiwiri: Milan

Ndege ya Ethiopian yochokera ku Addis Ababa imatera ku Malpensa m'mamawa, ndipo bwaloli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu mzinda. Za chiphaso mukhale mutathana nazo kale kumudzi: cha Schengen ndi mayuro 90 kuyambira mu June 2024, amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo ofesi ya kazembe wa Italy yoyang'anira Malawi ili ku Lusaka. Sitima yotchedwa Malpensa Express imatenga mphindi 50 kapena kupitirirako pang'ono. Chenjerani apa, abale: sitimazi zilipo za mitundu iwiri, ina imathera ku Milano Centrale, ina ku Cadorna. Ngati mawa mukupitirira ulendo wa kunja kwa mzinda, kwerani ya ku Centrale ndipo mugone chapafupi.

Musanaponde pena paliponse, mvetsani kaye mmene dzikoli linakhalira. Lombardy ndi chigawo cha anthu pafupifupi 10 miliyoni, pa malo okwana masikweya kilomita 23,800 ndi kanthu. Kumpoto kuli mapiri a Alps, pakati pali timapiri ndi nyanja, kummwera kuli chigwa cha mtsinje wa Po, chosalala ngati mphasa. Mitsinje inayi imatsika kuchoka kumapiri kukathira mu Po, ndipo uliwonse uli ndi nyanja yake: Ticino ndi Maggiore, Adda ndi Como, Oglio ndi Iseo, Mincio ndi Garda. Zigwa zake zandondozana ngati mizere ya m'munda. Kuyenda motsata mzere nkosavuta, koma kudumpha mizere kumathyola msana. Pamapu nyanjazi zimaoneka ngati zoyandikana, chonsecho njanji zambiri zimachokera ku Milan nkumwazika, kotero amene akonza zoona Como m'mawa ndi Garda masana amathera tsiku lonse pa masiteshoni.

Kuchokera ku Centrale, sitima ya pansi panthaka ya M3, yachikasu, imakutulani pa Duomo penipeni. Tikiti ndi mayuro 2.20 ndipo imagwira ntchito mphindi 90. Khadi ya kubanki yongogunditsa imatsegulanso geti. Tchalitchi chachikuluchi anayamba kumanga mu 1386, ndipo chitseko chake chomaliza anachiika mu 1965. Mwala wake wa nsangalabwi, woyera mofiirira, ndi wochokera ku Candoglia, ndipo unkabwera pamadzi: mtsinje wa Toce, nyanja ya Maggiore, Ticino, kenako ngalande yokumba ya Naviglio Grande mpaka pafupi ndi malo omangira. Msewu wa Via Laghetto, kuseri kwa tchalitchi, ukusungabe dzina la kadziwe komwe ankatsitsirapo miyalayo. Kwerani padenga. Wapansi ndi masitepe pafupifupi 250, chikepe nchodulirapo. Pamwambapo mumayenda pakati pa nsonga 135 zosema, ndipo chifanizo chagolide cha Maria chaima pa mamita 108. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, apo ayi akubwezani pakhomo tikiti ili m'manja.

Pabwalo lakutsogolo pali anyamata omangirira anthu kachingwe pamkono, ena okuikirani chimanga m'manja kuti nkhunda zitere. Saulere ayi. Manja m'thumba, mutu pukuseni, pitirirani.

Chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene Leonardo da Vinci anajambula cha m'ma 1495 mpaka 1498 chili pakhoma la chipinda chodyera cha pa tchalitchi cha Santa Maria delle Grazie. Amalowetsa kagulu kochepa kwa mphindi 15 zokha, Lolemba nkotseka, ndipo matikiti amatha kudakali miyezi tsikulo lisanafike. Kungofika pakhomo nkumayembekeza mwayi nkutaya nthawi. Kukhwimitsa konseku nchifukwa choti Leonardo anapaka utoto pa pulasitala youma m'malo mwa yaiwisi, ndiye unayamba kufundudka iye akali moyo. Chinyezi ndi fumbi la anthu ambiri zingamalize chotsalacho.

Pa zakudya, mawu awiri. Khofi womwera chiimire pa kauntala ndi yuro imodzi ndi timasenti. Yemweyo mukakhala pampando mu Galleria, msewu wofoleredwa wa mashopu pafupi ndi Duomo, mtengo umakwera kangapo. Pa bilu ya lesitilanti mupeza mzere wolembedwa coperto, mayuro awiri kapena atatu pa munthu aliyense. Si kuba, ndi mtengo wa tebulo ndi buledi. Madzi akumwa musagule: mipope yachitsulo yobiriwira imene imangotuluka madzi usana ndi usiku m'misewu ndi yabwinobwino.

Tsiku lachiwiri, Lachitatu: Bergamo

Lero ndi tsiku loyambira tikiti ya Io viaggio ovunque in Lombardia ya masiku 7, imene mtengo wake uli cha m'ma mayuro 50. Imagwira pa sitima zonse wamba za m'chigawochi, mabasi, sitima za pansi panthaka, tingolo tokwera mapiri ta ku Bergamo ndi Como, ngakhalenso maboti a pa Iseo. Sigwira pa sitima zothamanga za Frecciarossa ndi Italo, kapena pa maboti a Como, Garda ndi Maggiore. Ngati mwagula tikiti yapepala, ibayitseni m'kamakina ka pa siteshoni musanakwere. Tikiti yosabayitsa kondakitala amaiwerenga ngati mulibe, ndipo chindapusa chake chimaposa mtengo wa ulendo kutalitali. Mawu ena oti muwasunge pamtima ndi sciopero, kunyanyala ntchito. Amalengezeratu masiku asanafike, ndipo m'kati mwa sabata sitima wamba zimayendabe kuyambira 6 mpaka 9 m'mawa ndi 6 mpaka 9 madzulo.

Milan–Bergamo ndi mphindi 50. Mzindawu uli pawiri: wakunsi, watsopano, ndi Città Alta pamwamba pa phiri. Basi nambala 1 yochokera pa siteshoni imakufikitsani pa kangolo kokokedwa ndi chingwe, kamene kakhala kakukweza anthu chiyambire 1887. Linga lozungulira mzinda wakumtunda ndi la makilomita opitirira 5, linamangidwa ndi boma la Venice kuyambira 1561 mpaka 1588, ndipo UNESCO inalilemba m'kaundula wake mu 2017. Yendani pamwamba pake madzulo: kumbuyo kwanu mapiri akuyamba, kutsogolo chigwa chatambalala mpaka maso kulephera. Malire a zigawo ziwiri zija mumawaona ndi maso pamenepa. Ikakwana 10 koloko usiku, belu la nsanja ya Campanone pa Piazza Vecchia limalira ka 100, chizindikiro chakale choti zipata zikutsekedwa. Ogona pafupi adziwiretu.

Kwa Akatolika a ku Mangochi ndi Balaka, dzina la Bergamo si lachilendo. Episkopi woyamba wa Mangochi, Alessandro Assolari, anali wa ku Scanzorosciate, ndipo amene anamulowa m'malo, Alessandro Pagani, ndi wa ku Torre Boldone; midzi yonse iwiriyi ili m'mphepete mwa mzinda uno, ndipo onsewo ndi a chipani cha Montfort. Chakumadzulo pang'ono kuli Sotto il Monte, kwawo kwa Papa Yohane XXIII, wobadwa mu 1881.

Koma chimene chingakukhazikeni pansi ndi polenta. Ndi nsima, tisanamizane. Ufa wake ndi wa chimanga chachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa, ndipo kaphikidwe kake nkosiyana ndi kathu. Sachita phala poyamba. Amawiritsa lita imodzi ya madzi, kuthiramo mchere, nkumawaza ufa wokwana magalamu 250 pang'onopang'ono uku akutakasa, kenako kuvundula pamoto wochepa kwa mphindi 40 mpaka 50, makamaka mu mphika wamkuwa. Imapsa ikayamba kuchoka yokha m'mbali mwa mphika nkusiya nkhoko. Mukathira ufa wonse kamodzi, imachita mibulu. Mukaiphula pa mphindi 15 monga tizolowera, imamveka yaiwisi chifukwa ufa wokhakhala umachedwa kupsa mkati. Amaikhuthulira pa thabwa nkuidula ndi ulusi. Ya kumapiri, polenta taragna, amasakaniza ndi ufa wodera wa mbewu yotchedwa grano saraceno, batala ndi tchizi wambiri. Mbale imodzi yakwana mpaka mawa. Mbiri yake ili ndi mbali yowawa. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 alimi osauka a kuno ankadya polenta yokhayokha, opanda ndiwo, ndipo matenda a pelagra anawasakaza: khungu kuthetheka pamalo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba, mapeto ake mutu kusokonekera. Gwero lake ndi kusowa kwa niacin m'thupi, vuto lomwelo limene azachipatala kwathu amaliona chaka cha njala.

Tsiku lachitatu, Lachinayi: nyanja ya Como

Kuchoka ku Bergamo kupita ku Lecco ndi umodzi mwa mizere yochepa yodumphika. Kuyambira mu 2024 gawo la Bergamo–Ponte San Pietro lakhala pa ntchito yokonza njanji, choncho onani pa app ya Trenord, kampani ya sitima za m'chigawochi, ngati pali basi yolowa m'malo. Ku Lecco sinthani, kwerani yolowera ku Tirano, mutsike pa Varenna-Esino patatha mphindi 20. Khalani kumanzere, nyanja imaonekera kumeneko pakati pa ngalande zoboola mapiri.

Nyanjayi ili ngati mphanda yozondoka. Mwendo wina umathera ku Como, wina ku Lecco, thunthu lake kumpoto ku Colico, ndipo Bellagio ali pa mphandapo. Ndi yopapatiza moti tsidya lina mumawerenga mawindo a nyumba, koma kuya kwake kumapitirira mamita 400, chifukwa chigwachi chinakumbidwa ndi madzi oundana akalekale. Mtsinje wa Adda umalowa kumpoto nkutulukira ku Lecco. Mwendo wa ku Como ulibe potulukira, nchifukwa chake mvula ikachuluka kumapiri madzi amasefukira pa Piazza Cavour mu mzinda wa Como.

Maboti a pakati, Varenna–Bellagio–Menaggio, amatenga mphindi 15 paulendo uliwonse. Gulani tikiti ya tsiku lonse ya chigawo chapakati, ndipo muigule m'mawa. Ikamakwana 11 koloko mzere wa pa windo umafika mumsewu. Funsaninso nthawi ya boti lomaliza. Mukalisemphana muli ku Bellagio, njira yapamtunda yobwerera ku Varenna ndi yozungulira mwendo wonse kudzera ku Lecco, ndipo takisi yake ingakudyereni ndalama ya masiku awiri. Bellagio payekha, kunena zoona, ndi timisewu ta masitepe todzaza mashopu ndi anthu. Maola awiri akwana. Nthawi yotsalayo ndi bwino kukwera phiri la Vezio pamwamba pa Varenna, ulendo wa theka la ola, pomwe miyendo yonse itatu imaoneka nthawi imodzi.

Anthu a kunyanja kwathu adzamva msanga za mphepo. M'mawa kumawomba Tivano kuchokera kumpoto, masana Breva kuchokera kummwera, monga mpoto ndi mwera, kungoti kuno zimasinthana tsiku ndi tsiku osati ndi nyengo. Adzazindikiranso missoltini. Ndi nsomba yotchedwa agone, yokulirapo kuposa utaka, yogwidwa chilimwe chawo chikamayamba. Amaitumbula, kuithira mchere masiku angapo, kuiyanika, kenako kuipanikiza m'zitini mosanjikiza ndi masamba onunkhira a mtengo wa alloro kuti mafuta atuluke. Pokudya amaiwamba mphindi zochepa, kuwazapo viniga ndi mafuta, nkuika pambali pa polenta yowotcha. Mchere wake ndi woluma. Itanitsani ziwiri, osati mbale yodzaza.

Amene ali ndi tsiku lina apite ku mzinda wa Como, kwawo kwa nsalu za silika ndi kwa Alessandro Volta, amene anapanga batire loyamba mu 1800.

Tsiku lachinayi, Lachisanu: Valtellina ndi Bernina

Varenna–Tirano ndi ola ndi theka, kutsata Adda chokwera. Pa Colico chigwa chimakhotera kummawa, ndipo kukhota kumeneku ndiko kwalamula ulimi wonse wa kuno. Phiri la kumanzere limayang'ana kummwera ndipo dzuwa limaliwomba tsiku lonse. La kumanja limakhala mumthunzi, kuli nkhalango basi. Choncho mbali ya dzuwayo anaidula masitepe kuyambira pansi mpaka m'mwamba, ndi makoma a miyala yongosanja popanda simenti, amene akawalumikiza amakwana makilomita pafupifupi 2,500. Dothi lina anachita kusenza kuchokera m'chigwa. Mipata ya pakati pa miyala imatulutsa madzi a mvula, ndipo miyalayo imasunga kutentha kwa masana nkupatsira mphesa usiku. Khoma likagwa osalikonza, la kunsi kwake limalemedwa nalonso nkutsatira. Mphesa zake ndi Nebbiolo, koma kuno amati Chiavennasca, ndipo thirakitala silingafikeko. Ntchito yambiri ndi ya manja.

Ku Tirano masiteshoni awiri ali pabwalo limodzi, ya Italy ndi ya Switzerland. Sitima yofiira ya Bernina imayamba ndi kuyenda mumsewu ngati basi, kudutsa pafupi ndi tchalitchi cha Madonna di Tirano, kenako imalowa m'dziko la eni. Pasipoti ikhale m'thumba. Chiphaso cha Schengen chimagwira, koma tikiti yanu ya Lombardy ayi, ndalama ndi ma franc, ndipo SIM khadi zambiri za ku Italy zimadula mtengo wina mukangodutsa malire. Zimitsani data.

Pali Bernina Express ya mawindo aakulu, yolipiritsa mpando padera, ndi sitima wamba yoyenda pafupifupi ola lililonse panjanji yomweyo. Kwerani wamba. Ndi yotsikirapo mtengo, mumatha kutsika nkukweranso ina, ndipo m'mabogi ena mawindo amatseguka. Njanjiyi inamalizidwa mu 1910 ndipo ili m'kaundula wa UNESCO kuyambira 2008. Imakwera kuchoka pa mamita 430 kufika pa 2,253 ku Ospizio Bernina popanda mano ogwirira, mpaka mamita 7 pa mamita 100 aliwonse. Kuti asapitirire malire amenewa, ku Brusio anamanga mlatho wozungulira wathunthu: sitima imazungulira nkudutsa pansi pa njanji yake yomwe, wakutsogolo nkumaona bogi yakumbuyo. Tsikani pa Alp Grüm, pa mamita 2,091, pomwe msewu wagalimoto sufika, muyang'anizane ndi madzi oundana a Palü. Mphepo imazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, ndiye ngati ku Tirano mwavala malaya okha, kuno kwatsika ndi madigiri 10 kapena 12. Juzi ndi jekete zisatsale ku hotela.

Pa Ospizio pali nyanja yoyera ngati mkaka wosungunula, Lago Bianco, ndipo apa ndi pogawanikira madzi. Otsikira kummwera amathira mu Adda, kenako Po, mpaka nyanja ya Adriatic. Otsikira kumpoto amatsata Inn ndi Danube mpaka ku Black Sea. Nsonga ya Piz Bernina ndi mamita 4,049. Sapitwa wathu ndi 3,002.

Madzulo ku Tirano idyani pizzoccheri: timizere ta ufa wodera uja, tophikira limodzi ndi mbatatesi ndi kabichi, nkuthira tchizi wa Casera ndi batala wokazingira adyo.

Tsiku lachisanu, Loweruka: Val Camonica

Mzere uwu ndi wovuta kudumpha, ndipo tsiku la ulendo linasankhidwa dala. Basi ya Tirano–Aprica–Edolo imakwera pa mpata wa Aprica, mamita pafupifupi 1,180, ndipo imayenda kangapo kokha patsiku. Lamulungu ndi masiku a tchuthi imachepanso. Pa ndandanda, feriale ndi masiku antchito, festivo ndi Lamulungu ndi maholide, scolastico ndi masiku a sukulu okha. Ambiri amagwa pa lomalizali. Amene amachita chizungulire m'galimoto akhale kutsogolo.

Ku Edolo kwerani sitima yaing'ono yotsika ndi mtsinje wa Oglio, mutsike pa Capo di Ponte. Kuchoka pa siteshoni mpaka ku paki ya Naquane ndi chitunda cha mphindi 20 kapena 30. Kumeneko kuli matanthwe 104 osalazidwa ndi madzi oundana, ndipo pa iwo anthu akale otchedwa Camuni anagoba zithunzi: agwape a nyanga zanthambi, amuna a mikondo, nyumba za pamitengo, anthu olima ndi ng'ombe, zoombera nsalu. M'chigwa chonsechi zithunzi zopitirira 140,000 zinali zitawerengedwa pamene malowa anakhala oyamba m'dziko la Italy kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1979. Amene anafikapo ku Chongoni ku Dedza aone kusiyana kwake: kwathu nzopaka utoto wofiira ndi woyera m'mapanga, kuno nzogogoda ndi mwala kapena chitsulo pa thanthwe la pamtetete, timaenje tating'ono tothithikana. Nchifukwa chake nthawi yofikira ndi nkhani yaikulu. Dzuwa lili paliwombo simuona kanthu, thanthwe limangooneka lotuwa. M'mawa kapena chakumadzulo kuwala kukabwera chammbali, kaenje kalikonse kamagwira mthunzi ndipo gwape amatulukira. Osaponda pa matanthwe, pali timilatho tamatabwa. Duwa loyera la pa mbendera yobiriwira ya Lombardy, limene mwaliona pa sitima iliyonse sabata ino, linatengedwa pa miyala ya m'chigwa chino.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Lamulungu: Monte Isola ndi Brescia

Tsiku lopumulirako. Sitima yomweyo imatsika m'mbali mwa nyanja ya Iseo. Tsikani pa Sulzano, ndipo boti la mphindi 5, lolipiridwa kale ndi tikiti ija, likuwolotsani kupita ku Peschiera Maraglio. Monte Isola ndi phiri lotuluka m'madzi, lokhala anthu ochepera 2,000. Galimoto za alendo siziloledwa. Eni ake amayenda pa njinga zamoto ndi kabasi ka boma. Kuzungulira chilumba ndi makilomita 9 wapansi, ndipo kukwera ku kachisi wa Madonna della Ceriola, pa mamita 600, ndi ola ndi theka. Ntchito yakale ya pano ndi kuluka maukonde. A nsomba atachepa msika, anayamba a magolo a mpira ndi a tenesi.

Masana pitirirani ku Brescia. Ambiri amangosinthirapo sitima, ndipo amalakwitsa. Kachisi wa Aroma wa Capitolium ndi wa chaka cha 73 AD, ndipo mkati mwake muli chifanizo chamkuwa cha mkazi wamapiko chimene chinapezeka chitabisidwa kuseri kwa khoma mu 1826. Lero nkotsegula, mawa ayi. Gonani ku Desenzano, mphindi 20 kutsogolo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Lolemba: Garda ndi Limone

Lolemba nyumba zambiri zosungiramo zakale nzotseka, choncho tsikuli ndi la pamadzi. Garda ndiyo nyanja yaikulu m'dziko lonse la Italy, masikweya kilomita 370, kutalika makilomita 52. Mu Nyanja ya Malawi ingalowemo ka 80, koma musaipeputse: kummwera ndi yotambalala pakati pa minda ya mphesa ndi azitona, kumpoto imapanikizika pakati pa matanthwe ochita kuima chilili. Gombe la kumadzulo ndi Lombardy, la kummawa ndi Veneto, nsonga ya kumpoto ndi Trentino.

Siteshoni ya Desenzano ili kumtunda, doko lili kunsi, mphindi 15 wapansi. Boti wamba lopita ku Limone limaima pa madoko ambiri ndipo limatenga maola pafupifupi anayi. Lothamanga limadula nthawi koma mumawonjezera ndalama. Nzeru ndi kupita pa wamba m'mawa nkubwerera pa lothamanga kapena pa basi ya m'gombe. Ikangotha nyengo ya alendo mu October, maulendo aataliwa amachepa kwambiri. Mphepo ya m'mawa, Pelèr, imachokera kumpoto, ndiye mukulimbana nayo. Khalani kumbuyo kwa boti. Masana imatembenuka nkukhala Ora.

Mukamayandikira Gargnano mudzayamba kuona mizati yoyera italiitali yondandalika m'mapiri, ngati nyumba zosamaliza. Ndi minda ya mandimu. Kuno nkumpoto kwambiri kwa mtengo umenewu, ndiye anamanga khoma kumbuyo ndi m'mbali, mizati kutsogolo, ndipo chaka chilichonse mu November ankafolera ndi matabwa ndi magalasi, nkufundukula chisanu chikatha mu March. Usiku wozizira kwambiri ankasonkha moto mkatimo. Mandimuwo ankagulitsidwa mpaka ku Germany ndi Russia. Malondawa anagwa matenda a utomoni atagwira mitengo mu 1855, ndiponso Italy atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861, mandimu a ku Sicily, omera pamtetete popanda chofolera, anayamba kufika motchipa. Limonaia del Castèl, pakati pa mudzi wa Limone, anaukonzanso ndipo mitengo ikubala. Mumaona ngalande zamiyala zothirira ndi malo olowetsa matabwa pa mizati.

M'munda wina wotere, kumtunda kwa mudzi pamalo otchedwa Tesöl, munkagwira ntchito bambo ake a Daniele Comboni. Mwanayo anabadwira pomwepo pa 15 March 1831, anamwalira ku Khartoum mu 1881, ndipo anatchedwa woyera mu 2003. Amishonale a dzina lake ndi omwe aja a ku Lunzu ndi m'dayosizi ya Chipata. Nyumbayo ilipo, ansembe a Comboni akuisamala, ndipo ndi chitunda cha mphindi 25 kuchokera padoko. Zipinda zake nzazing'ono, denga lotsika. Nthawi imeneyo ku Limone kunalibe msewu. Munthu ankafika pa boti kapena kudutsa mapiri, mpaka pamene anaboola msewu wa m'matanthwe kumayambiriro a zaka za m'ma 1930.

Sirmione, tauni ya kummwera kwa nyanjayi, ndi linga lake la m'madzi, timangomuona tili pa boti. M'chilimwe khamu la pa kamlatho kolowera limachita kukankhana. Wofuna kulowamo afike isanakwane 9 koloko. Kummwera kwa Desenzano kuli Solferino, komwe kunamenyedwa nkhondo pa 24 June 1859. Ovulala zikwizikwi anawatutira ku Castiglione delle Stiviere, amayi a m'tauniyo nkumawasamala osasankha mbali, ndipo Henry Dunant, amene anaona zimenezi, ndiye anayambitsa maganizo amene anabala Red Cross ku Geneva mu 1863.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lachiwiri: Mantova

Mincio amatuluka mu Garda pa Peschiera nkutsikira ku Mantova, koma sitima imadzera ku Verona. Verona ndi Veneto, choncho tikiti ya Lombardy sigwira. Gulani ina, Desenzano–Verona Porta Nuova–Mantova, ola ndi theka kuphatikizapo kusintha.

Pawindo dziko lasintha. Phiri palibe, ndi minda ya chimanga, msipu, makola aatali a ng'ombe za mkaka ndi nkhumba, ndi ngalande paliponse. Madzi aja a kumapiri ndiwo akuthirira zonsezi, ndipo chipale chikagwa chochepa ku Alps, monga mu 2022, Po amaphwa mpaka mchenga kuonekera ndipo alimi amagawana madzi mosinthana. Mkaka wambiri umapita ku tchizi wa Grana Padano: malita pafupifupi 15 pa kilogalamu imodzi, ndipo chigubu chilichonse chimakhala miyezi yosachepera 9 chisanagulitsidwe. M'chilimwe kuno nkwa chinyezi ndi udzudzu, wopanda malungo koma woluma zedi. M'nyengo yozizira nkwa chifunga chokhala masiku osachoka.

Mantova wazunguliridwa mbali zitatu ndi nyanja zopangidwa potchinga Mincio cha m'ma 1190. Banja la Gonzaga linalamulira pano kuyambira 1328 kwa zaka pafupifupi 400, ndipo nyumba yawo, Palazzo Ducale, ili ndi zipinda pafupifupi 500. Musayese kuziona zonse. Lunjikani ku Camera degli Sposi, chipinda chimene Andrea Mantegna anamaliza kujambula mu 1474, chokhala ndi denga looneka ngati laboola kumwamba, anthu nkumasuzumira pansi. Tikiti yake ndi ya nthawi yoikika, sungitsiranitu. Nkhomaliro ikhale tortelli di zucca, timatumba ta ufa wa tirigu toikamo maungu otsekemera ndi zipatso zoviika mu mpiru wowawa. Lilime lozolowera maungu owiritsa limadabwa kaye.

Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 20 okha pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo makilomita ochepa kunsi, kupitirira Governolo, Mincio amathira mu Po. Pobwerera ku Milan, njanji yodzera ku Cremona yakhala ikuwonjezeredwa mzere wachiwiri kuyambira 2024 ndipo mbali ina ndi ya basi, choncho njira ya Verona ndiyo yodalirika. Werengerani maola atatu kufika ku Centrale, ola lina kufika ku Malpensa, ndi maola atatu a pabwalo la ndege. Ngati mukugula tchizi wopita naye kumudzi, nenani kuti sottovuoto, amutsekera m'pulasitiki yochotsa mpweya, ndipo mumuike m'chikwama chachikulu.